DIMBA LA NDIWO PAKHOMO

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi

Lero ndifuna tikambirane za dimba la ndiwo zamasamba la pakhomo. Madimba akuluakulu a kudambo, amene anthu alimamo tomato ndi kabichi wokagulitsa ku Lizulu, ku Jenda kapena ku Bvumbwe, tidzakamba tsiku lina. Lero tinena za kadimba ka kuseri kwa nyumba, kamene mai angathe kulowamo madzi a nsima ali pamoto, nathyola ndiwo, nabwerera madziwo asanawire.

Nonse mudziwa m'mene ndiwo ziyendera pamudzi. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala kufikira Malichi, ndiwo ziri mbwee: mnkhwani, chisoso, bonongwe, luni, denje, khwanya, ndipo zina zingomera zokha m'mizere. Pa masika tidya nyemba, nandolo ndi mfutso watsopano. Koma ikafika miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, tchire litapsa ndipo zikwatu za mfutso zitatha, mabanja ambiri adya ndiwo imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ena angosunsa nsima m'madzi a mchere. Tsono miyezi imeneyi ndiyo yososa ndi kugalauza minda, pamene thupi lifuna mphamvu zambiri.

Amene asauka koposa pa nthawi imeneyi ndi ana ang'ono ndi amai apakati. Nsima ikhutitsa mimba, koma siingathe yokha kumanga thupi la mwana. Masamba obiriwira ali ndi vitamini A, amene asunga maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Mwana wosowa vitamini ameneyu saona bwino kukada, ndipo chikuku kapena kutsekula m'mimba zikamgwira, zimgwetsa msanga. Masamba omwewo ali ndi mchere wa ayironi wothandiza magazi. Pa kafukufuku wa Boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. Zifukwa zake nzambiri, koma chimodzi chachikulu ndicho kudya chakudya cha mtundu umodzi. Nchifukwa chake alangizi a zaumoyo aphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Dimba la pakhomo losamalidwa bwino lingathe kukupatsani zamasamba chaka chonse, ndi kuonjezapo nyemba ndi zipatso.

Kumbukiraninso kuti mvula ya masiku ano siidalirika. Mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino munagwa ngozi ya chilala. Chaka chotero munda waukulu ukakanika, kadimba kothirira ndi ndowa kapitirirabe kubala, pakuti madzi ake sadikira mitambo.

KUSANKHA MALO

Choyamba yang'anani madzi musanagwire khasu. Ambiri ayamba ndi changu, alima mabedi 10, ndipo pofika Okutobala atopa ndi kutunga, mabedi onse nauma. Tiyeni tiwerengere limodzi. Bedi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali lifuna ndowa ya malita 20, kapena kupitirirapo pang'ono, tsiku liri lonse pa nyengo yotentha. Mabedi 4 otere afuna ndowa 4 kapena 5 pa tsiku. Ngati banja lanu lingathe kutunga ndowa zimenezi pamwamba pa madzi akumwa ndi ophikira, limani mabedi 4. Ngati lingathe ndowa ziwiri zokha, yambani ndi mabedi awiri. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Chaka chamawa mudzaonjeza.

Madzi otsukira mbale, otsukira mpunga kapena mphale, ndi osamba m'manja musataye pabwalo. Ngati alibe sopo wambiri, athireni patsinde pa mbeu, osati pamasamba. Koma madzi ochapira matewera a mwana asafike m'dimba ai. Dimbalo likhale kutali ndi chimbudzi, ndiponso lisakhale kumunsi kwake kumene madzi a mvula atsikira. Tonse tikumbukira kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ndiwo zothiriridwa ndi madzi onyansa ziri njira imodzi yotengera matenda otere m'nyumba.

Chachiwiri, malowo akhale oomba dzuwa kuyambira m'mawa kufikira masana ndithu. Pansi pa mango ndiwo zikula zoonda ndi zotumbuluka. Pafupi ndi bulugama mizu ya mtengowo imwa madzi onse amene muthira. Chachitatu, pewani pamene madzi aima mvula ikagwa, ndi pamene madzi a padenga agwera mwamphamvu.

MPANDA

Dimba lopanda mpanda ndi chakudya cha mbuzi. Mangani mpanda musanafese kanthu. Tsekera, bango, nsungwi kapena mapesi a chimanga ndi a mapira zonse zigwira nchito. Chachikulu nchakuti mpandawo ukhale wothithikana m'munsi, chifukwa mbuzi ilumpha pamwamba koma nkhuku ndi anapiye ake alowera pansi, ndipo nkhuku imodzi ingathe kupalasa nazale yonse m'mawa umodzi. Ikani chitseko chenicheni chomangika ndi chingwe, ndipo ana aphunzire kutseka.

Mpanda wa udzu ukhala chaka chimodzi kapena ziwiri, chiswe nkuudya. Chotero bzalani mpanda wamoyo m'kati mwake. Chammwamba chimera msanga ngakhale mutangozika nthambi, ndipo masamba ake ndi ndiwo zabwino kwambiri zopezeka ngakhale m'chilimwe. Nandolo nayenso ayenera m'mbali mwa mpanda. Kamumpanda adzayanga yekha, monga dzina lake linenera. M'ngodya bzalani mapapaya awiri kapena atatu. Ena akonda mpanda wa nkhadze, koma pakhomo pa ana ang'ono chenjerani nao, pakuti utomoni wake ukalowa m'maso ubvulaza kwambiri.

MABEDI NDI MANYOWA

Bedi lisapitirire mita 1 m'lifupi, kuti muzitha kufika pakati pake ndi dzanja osapondapo. Pakati pa bedi ndi bedi siyani kanjira ka masentimita 45, ndiko kunena phazi limodzi ndi theka. Nthaka ya pakhomo imakhala yolimba chifukwa cha kupondedwa zaka zambiri, choncho kumbani mozama, masentimita 30 kapena kupitirira, muphwanye zibuma zonse ndi kuchotsa miyala ndi mapepala apulasitiki.

Pali mabedi a mitundu iwiri, ndipo nyengo ndiyo isankha. M'chilimwe pangani bedi lolowa pansi, lokhala ndi kamkhonde m'mbali monga mbale, kuti madzi othira asathawe. M'dzinja pangani bedi lokwera, masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa kanjira, kuti mizu isakhale m'madzi. Munthu akasinthanitsa ziwirizi ataya madzi m'chilimwe naoletsa mbeu m'dzinja.

Ndiwo zamasamba zidya kwambiri, ndipo chakudya chake chenicheni ndi manyowa. Thirani ndowa imodzi ya manyowa opsa bwino pa mita imodzi iri yonse ya bedi, musakanize ndi dothi. Ndanena kuti opsa bwino. Ndowe zaziwisi zitentha mizu, zibweretsa njere za udzu ndi mphutsi, ndiponso zingathe kusiya tizirombo ta matenda pa masamba amene mudzadya. Zitosi za nkhuku nzamphamvu koposa ndowe za ng'ombe. Zithireni mochepa, ndipo zikhale zitagonera.

Amene mulibe khola musadandaule. Kompositi apangidwa ndi zinthu zimene ambiri a ife titentha chaka ndi chaka. Yalani mapesi oduladula pansi, pamwamba pake masamba aawisi ndi udzu, kenaka ndowe kapena zitosi pang'ono, phulusa lowaza, ndi dothi lapamwamba. Wazani madzi, nimubwereze mpaka muluwo ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku ochepa zulani ndodoyo muigwire: ikafunda, manyowa ali kupsa, ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi masamba aawisi. Mukamata muluwo ndi matope, umenewo ndiye chimato, ndipo usunga chinyezi bwino. Mukamautembenuza kawirikawiri, monga achitira ndi manyowa a changu, upsa msanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa adzakhala akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Manyowa athandizanso nthaka kusunga madzi, chotero bedi la manyowa okwanira lichepetsa maulendo a kuchitsime.

NAZALE NDI KUOKERA

Mpiru, repu, tchayinizi, kabichi, tomato, anyezi ndi mabiringano ziyamba pa nazale. Nazale ya banja limodzi siifuna malo ambiri; mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ikwanira. Salazani dothi likhale losalala. Lembani timizere ndi chala, motalikirana masentimita 10 kapena 15, ndipo kuya kwake kusapitirire sentimita imodzi, monga chikhadabo. Njere yaing'ono ikakwiriridwa mozama iolera pansi. Fesani mopatula, kwirirani pang'ono, phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere, nimuthirire ndi keni ya kusefa kapena chitini choboola-boola.

Yang'anani tsiku ndi tsiku. Zambiri zimera pasanathe sabata imodzi. Zikangotuluka chotsani udzu uja muuike pa kathandala ka msinkhu wa m'bondo, ndipo muziuchepetsa pang'onopang'ono. Mukachedwa kuchotsa udzu, mbande zikula zazitali ndi zofooka ngati ulusi. Mukaona mbande zikuola patsinde ndi kugwa, dziwani kuti zathithikana ndipo madzi achuluka. Patulirani, nimuchepetse kuthirira.

Mbande za mpiru, repu, kabichi ndi tomato zifika pookera pakatha masabata 4 kapena 5, zitakhala ndi masamba enieni anai kapena asanu. Anyezi achedwa, adikira masabata 6 mpaka 8, tsinde litayandikira kukula kwa pensulo. Sabata yomaliza chepetsani madzi ndi kuchotsa mthunzi wonse kuti mbande zikhwime. Tsiku lookera thirirani nazale bwino, zulani ndi kamtengo kuti mizu ituluke ndi dothi lake, ndipo okerani madzulo dzuwa litapendeka. Tsinderani dothi ndi zala mozungulira mbande, nimuthirire pomwepo.

Musaumire malo. Mpiru, repu ndi tchayinizi zitalikirane masentimita 30 mpaka 45. Kabichi ndi tomato afuna masentimita 60, mapazi awiri. Anyezi atalikirane masentimita 10 mumzere, mizere yake masentimita 30. Mbeu zothithikana zilimbirana chakudya, ndipo matenda ayenda msanga pakati pake.

Karoti, therere, nyemba, khobwe ndi maungu sizifuna kuokera. Bzalani pa bedi pomwepo. Njere za bonongwe ndi luni nzazing'ono kwambiri, choncho sakanizani ndi mchenga musanawaze kuti zisagwe pamodzi.

Tsono mverani ichi, pakuti ndi pamene madimba ambiri alephera. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Mukatero mudzakhala ndi mpiru wosatha kudya kwa mwezi umodzi, kenaka miyezi iwiri yopanda kanthu. Fesani kamzere kamodzi kapena tiwiri, padutse masabata atatu, mufesenso. Potero bedi lina likamatha, lina liri kuyamba.

NDIWO ZA NYENGO IRI YONSE

M'nyengo yachisanu, Meyi kufikira Ogasiti, ndiwo zochita bwino ndi kabichi, repu, tchayinizi, mpiru, karoti ndi nsawawa. Anyezi afesedwa mu Malichi ndi Epulo kuti akule m'chisanu nakhwime kukamayamba kutentha. Inu a kumalo okwera monga Dedza ndi Ntcheu, samalani ndi tomato m'madambo mu Juni ndi Julayi, chifukwa chisanu cha usiku chimuwaula. Inu a kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi inu a m'mphepete mwa nyanja, miyezi yachisanu yomweyi ndiyo nthawi yanu yabwino ya kabichi ndi tomato, pakuti pofika Okutobala kutentha kuzikanika.

Kukatentha bwererani ku ndiwo za makolo athu. Bonongwe, luni, denje, therere, chitambe ndi mnkhwani zipirira dzuwa, sizigwidwa ndi tizirombo kawirikawiri, ndipo mbeu yake simugula. Bonongwe muyamba kuthyola pakatha masabata atatu kapena anai chifesere. Ena aziyesa ndiwo za osauka, nathamangira kabichi. Koma akatswiri a zakudya anayesa, napeza kuti masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, luni ndi mnkhwani aposa kabichi woyera uja kutalitali pa vitamini A ndi ayironi.

Siyaninso mzere umodzi wa mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika. Mzere umenewu ukupatsani zinthu zitatu: kholowa wa ndiwo, mbatata ya vitamini A ya ana, ndi mbeu yokabzala kumunda mvula ikagwa, pamene anzanu ali kuyendayenda kupempha.

KUSAMALA DIMBA

Thirirani m'mawa kapena madzulo, ndipo thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi. Kuwaza pamwamba pokha kuchititsa mizu kukhala m'mwamba, ndipo dzuwa likaomba mbeu ifota msanga. Pisani chala m'dothi. Ngati m'kati muli chinyezi, bedilo lingathe kudikira. Mbande zikagwira, phimbirani bedi lonse ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Kuphimbira kusunga chinyezi, kuletsa udzu kumera, ndipo zophimbirazo zikaola zisanduka manyowa.

Tomato mzikireni mtengo, mummange momasuka ndi luzi, muzichotsa mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba. Pothirira musanyowetse masamba ake, chifukwa chiwau chikonda tsamba lonyowa. Abambo osuta fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire tomato, pakuti pali nthenda ya fodya yopiringiza ndi kuwangitsa masamba imene iyenda ndi manja.

Mbeu ziri ndi mabanja monga anthu, ndipo za banja limodzi zidwala matenda amodzi. Tomato, mabiringano, tsabola, mbatatesi ndi fodya ndi banja limodzi. Kabichi, repu, mpiru ndi tchayinizi ndi banja lina. Musabwereze banja limodzi pa bedi lomwelo. Pamene panali tomato ikanipo anyezi kapena mpiru; pamene panali kabichi ikanipo nyemba kapena khobwe, zimene zibwezera chonde m'nthaka. Mukazula tomato kapena therere nimupeza mizu yotupa timaundu-maundu, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Tenthani mizuyo, thirani manyowa ambiri, ndipo pabedipo pasabwerenso tomato kapena therere kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

TIZIROMBO

Mankhwala oyamba a dimba la pakhomo ndiwo maso a mwini wake. Lowani m'dimba tsiku liri lonse, muzitembenuza masamba. Mbozi zikakhala zochepa, tolani ndi manja mupatse nkhuku. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde usiku, fukulani ndi chala pafupi pomwepo, mudzaipeza mphutsi yake itadzipinda. Nsabwe za m'masamba zikayamba pa repu ndi mpiru, makamaka kukamatentha, thyolani masamba ogwidwa kwambiri, otsalawo muwaze madzi a sopo pang'ono. Masamba a nimu osinja, obviikidwa m'madzi usiku wonse ndi kusefa, athandiza pa nsabwe ndi mbozi zazing'ono. Ombwe nayenso agwira nchito, koma ndi wamphamvu: zotsala zake musatsukire mumtsinje chifukwa apha nsomba, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo.

Pa tomato pali kambozi kamene alimi achitcha tuta, kochokera ku South America, kamene kanafalikira m'maiko a Africa m'zaka zapitazi. Kalowa m'kati mwa tsamba nikasiya timawanga toyera ngati pepala, kenaka kaboola zipatso. Thyolani masamba ndi zipatso zogwidwa, muzikwirire mozama, ndipo mukatha kukolola zulani mitengo yonse ya tomato, isatsale yosungira kamboziko.

Mukaganiza zogula mankhwala a m'sitolo, yambani mwafunsa mlangizi. Gulani a m'botolo lake lenileni lokhala ndi malangizo, osati opimidwa m'timabotolo topanda dzina pamsika. Pa botolo alembapo masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo, sungani masikuwo. Mankhwala a thonje, a fodya, kapena osungira chimanga m'nkhokwe asagwe pa ndiwo ai. Ndipo musasunge mankhwala m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana sadziwa kusiyanitsa.

KUTHYOLA, KUPHIKA NDI KUSUNGA

Pothyola mpiru ndi repu yambani ndi masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa tsinde, kusiya a kumtima kuti apitirire kukula. Bonongwe mtsineni nsonga, adzaphuka nthambi zambiri.

Kwa inu amai, nchito yonse ya m'dimba ingathe kutayika mumphika. Tsukani ndiwo ndi madzi oyera musanadule, osati mutadula. Phikani ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, zikhalebe zobiriwira, ndipo msuzi wake musataye. Chidulo ndi soda zifewetsa ndiwo msanga, koma ziononga mavitamini ena. Pa ndiwo zanthete siyani, musungire therere ndi masamba okhwima. Tenderani ndi nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono, chifukwa vitamini A alowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Tomato kapena madzi a ndimu athandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Chigwada chokha ndicho chifuna kusinja bwino ndi kuphika mokwanira, makamaka cha chinangwa chowawa. Mwana akakwana miyezi 6 nayamba phala, mpotereni masamba ophika osinja bwino m'phalamo, ndi nsinjiro pang'ono.

Ndiwo zikachuluka futsani. Zibviikeni m'madzi owira kanthawi kochepa, nimuyanike pa thandala pamthunzi podutsa mphepo. Mfutso woyanikidwa padzuwa lamphamvu uchita kuyezuka, ndipo mphamvu yake ichepa. Woyanikidwa pansi udzala mchenga ndi zitosi. Ukauma kuti gwaa, mangani m'chikwatu kapena m'chiwiya chouma chotsekeka, mupachike posafika chinyezi ndi makoswe.

Sunganinso mbeu. Sankhani bonongwe, luni, mpiru, therere ndi maungu amphamvu, muwasiye akhwime. Anthu ambiri adya zokongola nasiyira mbeu zotsalira zofooka, ndipo chaka ndi chaka mbeu yao icheperachepera mphamvu. Umitsani njere bwino, sakanizani ndi phulusa, mutsekere m'botolo. Koma mbeu za m'paketi yolembedwa F1 ndi za haibulidi. Njere zake sizibereka zofanana ndi make, choncho zimenezo mugula chaka ndi chaka.

KWA INU MAFUMU

Tsopano ndilankhule ndi inu eni mudzi, pakuti pali zinthu zimene mlimi payekha sangathe kukonza. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani yoyamba ndi ya ziweto. Mwambo wa m'midzi yambiri ngwakuti anthu akatha kukolola, mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimasulidwa kuti zikadye mapesi. Mwambowu uli ndi chifukwa chake, pakuti m'chilimwe msipu usowa, ndipo mwini mbuzi naye afuna ziweto zake zikhale ndi moyo. Koma miyezi yomweyo ndiyo ya madimba. Mai wathirira mpiru wake milungu isanu, mbuzi za mnansi ziutha masana amodzi, ndipo chaka chamawa maiyo salimanso. Musadikire mlandu ufike pabwalo. Itanani mudzi wonse tsopano, pa masika pano, mugwirizane poyera: mwini dimba amange mpanda wotani, mwini ziweto aziweta kapena kuzimangirira motani, ndipo ziweto zikathyola mpanda wabwino alipe chiani. Lamulo lopangana anthu asanayambane lisungidwa bwino koposa chigamulo choperekedwa mitima itatentha kale. Ndipo lamulolo ligwire onse mofanana, ngakhale mbuzi za kubanja la amfumu.

Yachiwiri ndi ya madzi a pamjigo. Pa mijigo yambiri madzi otayika angopanga chithaphwi chimene nkhumba zibvimvinizikamo ndi udzudzu uswanamo. Kambiranani ndi komiti ya mjigo, mukumbe kangalande kotsogolera madziwo ku dimba la mudzi, kumunsi ndi kutali pang'ono ndi mjigowo. Ndalama za ndiwo zogulitsa zingathe kuthandiza kugula zipangizo mjigo ukaonongeka. Manyowa ndi mankhwala zisayandikire pamene madzi akumwa atuluka.

Yachitatu ndi ya malo. Pogawa malo a kudambo kapena a pafupi ndi chitsime, kumbukirani amai amasiye, agogo olera ana amasiye, ndi olumala. Amenewa sangathe kuyenda mtunda wautali ndi ndowa, ndipo ndiwo amene ndiwo ziwasowa koposa. Achinyamata a pamudzi angathe kuwamangira mpanda tsiku limodzi, inu mukanena mau.

Yachinai ndi ya mitsinje. Letsani kulima mpaka m'mphepete penipeni mwa madzi. Bango, nsenjere ndi mitengo ya m'gombe ndizo zigwira nthaka. Zikachotsedwa, madzi osefukira adya gombe pamodzi ndi dimba lomwe, mtsinje nudzala mchenga, nuuma msanga m'chilimwe.

Kotsiriza, amfumu, dimba loyamba likhale pakhomo panu. Anthu obwera kudzapereka moni kapena kudzatula nkhani adzaliona okha, nadzafunsa mbeu. Ndipo abambo asayese kuti dimba ndi nchito ya amai ndi ana okha. Kukumba mabedi, kudula nsichi za mpanda ndi kututa manyowa zifuna mphamvu za abambo, ndipo ndiwozo zikapsa, mbale ya abambo ndiyo iyamba kupakulidwa.

Mvula yatha, udzu wa mpanda ulipo wambiri, mapesi sanatenthedwe, ndipo zitsime zikali ndi madzi. Sabata ino sankhani malo, werengani ndowa zanu, mwetani udzu, muunjike mulu woyamba wa kompositi. Pamene pakubvutani pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu kapena kwa mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu. Malangizo ake salipiritsa. Amene afesa mwezi uno adzayamba kuthyola mpiru mwezi wa Juni usanathe, ndipo akamafesa pang'onopang'ono monga tanenera, Okutobala adzawapeza ali ndi ndiwo pakhomo.